Mapu Amene Ndinakana Kujambula

Ntchito yanga yoyamba inali yojambula mapu ku ofesi ya zaulimi ku Dowa Boma, m'masiku a chipani chimodzi. Ndinali ndisanakwatiwe. Kwathu ndi kumapiri a Ntchisi, mudzi wina kuseri kwa Kasakula, ndipo pa mbumba yathu yonse ndine ndinayamba kugwira ntchito yokhala pampando. Anandilemba chifukwa cha dzanja langa. Kusukulu ya mishoni ndinkatha kulemba mzere wautali osanjenjemera, ndipo ku ofesiko ankafuna munthu wotero.

M'chipinda chathu munali tebulo lagalasi lokhala ndi nyali kunsi kwake. Pagalasipo tinkayala chithunzi cha dziko chojambulidwa kuchokera kumwamba, pamwamba pake n'kuyalanso pepala lopyapyala loonekera mkati, ine n'kumalondola ndi cholembera mitsinje, misewu, mapiri ndi minda. Poyamba zithunzizo zinali za ndege, zakuda ndi zoyera. Chaka china kunabwera zamtundu wina kuchokera ku Lilongwe. Anatiuza kuti izi sizinajambulidwe ndi ndege koma ndi setilaiti, makina amene amazungulira dziko kutali kwambiri kupitirira mitambo. Mitundu ya pa zithunzizo inali yosokoneza mutu. Chilichonse chobiriwira chinkaoneka chofiira, nthaka yopanda kanthu inkaoneka yotuwa, madzi ankaoneka akuda. Nyumba sizinkaoneka n'komwe, poti kwa makinawo zinali zazing'ono kwambiri.

Boma linkafuna kudziwa malo amene angabereke zipatso ndi mbewu zokometsera chakudya: malalanje, manachesi, mapeyala, jinja, chikasu, adyo ndi tsabola. Kumapiri kwathu chimanga chinali kutha mphamvu chifukwa mvula inkakokolola nthaka, ndipo akatswiri anaona kuti mitengo ya zipatso ingaigwire nthakayo. Zithunzi za setilaiti zinajambulidwa m'chilimwe dala. Malo amene ankaonekabe ofiira dziko lonse litauma, ndiye kuti pansi pake pali chinyontho. Ntchito yathu inali kuwapeza malo oterewa, kupita kukawaona ndi maso, kukumba nthaka pang'ono, kenaka n'kuwalemba pa mapu.

Bwana wa ofesi yathu anali bambo wofatsa, mkulu wa mpingo, wosavula jekete ngakhale dzuwa la Okutobala. Ankanditchula kuti mayi ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo. Ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga zithunzizo, ndipo ntchito imeneyi ankaikonda zedi. Ankati tikaitsiriza, ana a m'mapiri adzakhala akudya malalanje ngati mango.

Tsiku lina ndikulondola mtsinje pa chithunzi, ndinaona pamene umakhota kawiri usanalowe m'chigwa, ndipo ndinazindikira kuti ndafika kwathu. Phiri lathu linali lotuwa mbali ya kumadzulo, koma kum'mawa kwake kunali chingwe chachitali chofiira, ndilo dambo lathu limene lili ndi madimba. M'mbali mwa phirimo munali timadontho tofiira kwambiri. Ndinatiwerenga m'mtima timodzitimodzi, chifukwa ndinkatidziwa: ndi nkhalango za kumanda, kumene mitengo sidulidwa. Kamodzi mwa timadonthoto n'komwe kunagona bambo anga. Ndinawaitana abwana, ndipo atayang'ana anati malo abwino chotere sanawaone m'boma lonse la Ntchisi. Tinapitako pa galimoto ya ofesi, ine ndikukwera mapiri ndi diresi lalitali ndi chitenje, poti thalauza linali loletsedwa kwa akazi. Nthaka inapezeka yakuya, ya katondo wosakanikirana ndi manyowa a masamba. Pa mapu ndinapaka phiri lathu mtundu wosonyeza malo oyenera zipatso, ndipo dzanja langa linachita kuvina.

Mayi anga ndiwo sanakondwe. Anali mkazi wamasiye, wamfupi, wolankhula mosapsatira. Nditawafotokozera za makina a kumwamba aja, anapitiriza kusenda nandolo, n'kunena kuti chimene iwo amachidziwa kuti chimayang'ana pansi chili m'mwamba ndi kabawi, ndipo kabawi sayang'anira anapiye kuti akule. Ndinaseka, ndinawauza kuti ayembekeze mbande zaulere.

Mapu atatha tinawapachika pakhoma la ofesi. Alendo ambiri ankabwera kudzawaona, ndipo mmodzi mwa iwo anali munthu wamkulu m'chipani, amene anali kale ndi esiteti ya fodya cha ku Madisi. Anafika ndi galimoto yakuda, tonse tinaimirira. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa mapuwo manja ali kumbuyo. Za malalanje sanafunse. Anafunsa kuti ndi pati pamene madzi sauma chaka chonse, ndi pati pamene pali mitengo yambiri yomangira zigafa. Abwana analoza ndi ndodo yawo malo angapo, ndipo ndodoyo inafikanso pa phiri lathu. Mkuluyo anagwedeza mutu, anatithokoza chifukwa chotumikira dziko, n'kuchoka.

Sipanapite nthawi yaitali, abwana anandiitana m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti pakufunika mapu ena a dera la kwathu lokha. Pa mapu atsopanowo, phiri ndi dambo ndizilembe mizere yopingasa, chizindikiro cha malo amene palibe akuwagwiritsa ntchito. Mapuwo adzapita limodzi ndi pempho la mkulu uja lofuna lizi, chilolezo cha boma chotengera malowo kuti akhale esiteti yake yachiwiri. Ankalankhula akuyang'ana zala zawo.

Ndinawakumbutsa kuti tinapita limodzi kumeneko, kuti anamwa thobwa pakhonde la mayi anga. Anavomera. Koma anati pa chithunzi cha setilaiti palibe nyumba ikuoneka, minda ya kumtunda ikuoneka yotuwa ngati tsala, ndipo chimene akutipempha n'kulemba zomwe chithunzi chikuonetsa, basi.

“Chithunzicho chinajambulidwa anthu atakolola,” ndinatero. “Inuyo ndinu munandiphunzitsa zimenezo.”

“Mayi, mukukana chifukwa ndi kwanu.”

“Inde ndi kwathu. Kukanakhala kwa wina ndikanakananso, koma ndi kwathu, ndiye ndikukana kawiri.”

Anavula magalasi n'kupukuta maso. Anati ali ndi ana kusekondale, ndipo ine ndikudziwa komwe amapita anthu otsutsana ndi akuluakulu. Ndinkadziwadi. Masiku amenewo munthu ankatha kupita kuntchito m'mawa osabwereranso, abale ake n'kumaopa ngakhale kufunsa. Koma ndinaganiza za timadontho tofiira tija, kuti ndidutsitse mizere yopingasa pamwamba pa manda a bambo anga ndi dzanja langa lomwe, ndipo ndinaona kuti dzanjalo silingavomere. Ndinawauza kuti apeze wina.

Wina anapezeka, poti kulemba mizere yopingasa si ntchito yovuta. Koma nkhani ya kukana kwanga inatuluka, sindikudziwa kuti inadzera khomo liti. M'mawa wina wapolisi anabwera ku ofesi n'kunena kuti akundifuna. Anandikhazika pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osandiuza kanthu. Kenaka anandilowetsa kwa bambo wina wovala zovala wamba, amene anayamba ndi kuona khadi langa la chipani. Anandifunsa ngati ndimadana ndi chitukuko, ngati pali amene akundituma, ngati ndili ndi abale kunja kwa dziko. Ndinayankha kuti ndine mwana wa mlimi, palibe akundituma, ndipo sindingalembe kuti kwathu kulibe anthu pamene ine amene ndikuyankhula naye ndine munthu wa kumeneko. Anati ndili ndi mwayi kuti ndine mkazi ndiponso mwana, koma pakamwa panga padzandipweteketsa. Anandilola kupita.

Ntchito inatha sabata yomweyo. Tsiku limene ndinkalongedza katundu wanga, abwana anandiperekeza mpaka pa mtengo wa bulugama umene unali panja pa ofesi. Analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kumsewu. Anati oyeza malo a esiteti sadzabwera mvula isanathe, chifukwa galimoto sizikwera kumapiri kwathu nthawi ya dzinja. Anatinso oyeza malo amazemba malo amene pali mitengo ya zipatso yobzalidwa m'mizere, poti mitengo yotere siinama, imasonyeza kuti pali mwini wake, ndipo imabweretsa milandu ya chipukuta misozi imene akuluakulu saifuna. Pomaliza anati ku nazale ya boma, pafupi ndi Madisi, kuli mbande za malalanje ndi manachesi zimene zinakonzedwera ntchito yathu ija, koma tsopano ntchitoyo yaimitsidwa ndipo mbandezo zikungokulira m'machubu, zidzatayidwa. Atatero anandigwira chanza n'kubwerera mkati. Sindinawathokoze. Nthawi imeneyo ndinali nditawakwiyira kwambiri.

Kumudzi ndinapeza nkhani itafika kale. Mfumu yathu, nkhalamba yodwaladwala, inali itaitanidwa ku boma n'kudinditsidwa chala pa zimene sinazimvetse, ndipo inabwerako ikulira. Amuna ambiri anali atataya mtima. Atsibweni anga, mchimwene wa mayi anga, amene dimba lawo linali lalikulu kuposa onse m'dambomo, anandiuza kuti ndabweretsa tsoka pa mbumba, ndikanangolemba mizereyo n'kusunga ntchito, poti malo apita ndithu. Mayi anga anawasiya alankhule mpaka atatopa. Kenaka anandifunsa funso limodzi lokha, kuti mbandezo zili kutali bwanji. Nditawauza, anatembenukira kwa atsibweni n'kuwauza kuti amange ng'ombe pa ngolo.

Atsibweni anakana tsiku loyamba, anakananso lachiwiri, koma pamapeto pake anamanga. Ulendo wonse wopita ku Madisi ankang'ung'udza kuti afera za ana a mlongo wawo. Woyang'anira nazale sanatifunse zambiri. Anationetsa mbande zimene mizu yake inali itaboola kale machubu, n'kupita kukachita zina kuseri kwa shedi. Tinadzaza ngolo, pamwamba tinafunditsa mapesi. Tinabwereranso maulendo ena mvula isanalimbe, ndipo ulendo uliwonse atsibweni ankalumbira kuti ndi womaliza.

Mayi anga anasonkhanitsa amayi a mumpingo mwathu atatha mapemphero a pakati pa sabata. Sanawanamize. Anawauza kuti malo akutengedwa, kuti mwana wawo wachotsedwa ntchito, ndipo kuti aliyense wobwera kudzabzala adziwe kuti angathe kumenyedwa. Ena anachoka mwakachetechete, ndipo sindiwaweruza. Otsalawo anali ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Pamenepo mayi anga ananena chinthu chimene ine wopita kusukulu sindikanachiganiza. Anati aliyense abwere atavala nsalu ya chipani, ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, imene tinkakakamizidwa kugula ndi kuvala pokavina kumisonkhano.

Ine ndinakana poyamba. Nsalu imeneyo ndinkadana nayo, makamaka nditachoka ku polisi kuja. Mayi anga anandiyankha kuti nsaluyo yatitopetsa zaka zambiri pa dzuwa, tikuvinira anthu okhuta, ndiye nthawi yakwana yoti nayonso itigwirire ntchito.

Tinabzala mvula itangokhazikika. Ine ndinkayenda patsogolo ndi chingwe ndi zikhomo, kuika mizere mopingasa phiri monga ndinaphunzirira ku ofesi, kuti madzi asamathamange nayo nthaka. Amuna amene analimba mtima ankakumba mayenje m'mamawa n'kuchoka. Amayi ankabwera pambuyo ndi madengu a manyowa ndi mbande pamutu, onse atavala nkhope ya mtsogoleri m'chiuno ndi pachifuwa. Tinayambira kumtunda, pafupi ndi manda, n'kumatsika. Cholinga chathu chinali kufika mpaka m'dambo.

Sitinafike. Tili pakati pa phiri, kunabwera kapitawo wa mkulu uja ndi achinyamata a chipani ovala malaya ofiira, atanyamula ndodo. Galimoto yawo inatitimira kumunsi ndipo anakwera wapansi, matope mpaka m'mawondo. Titawaona, mayi wina anayambitsa nyimbo ya chipani yolimbikitsa anthu kugwira khasu, tonse tinaivomera, makasu osaima. Kapitawoyo anakuwa kuti tisiye, malo ano ndi a bwana wake. Palibe anasiya. Anafika pamene panali mayi anga, amene anali atagwada akukwirira mbande, n'kuwalamula kuti aizule.

Mayi anga anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza nsalu yawo kuti nkhope ija ioneke bwino.

“Mwanangu,” anatero, “mwini nsaluyi amatiuza pa wailesi tsiku lililonse kuti tilimbike m'munda. Ife tamvera. Ngati iwe ukuti tisiye, nena mokweza kuti iye analakwitsa, anthu onsewa amve.”

Kapitawoyo anayang'ana achinyamata aja, iwo anayang'ana pansi. Mmodzi wa iwo anali mwana wa m'mudzi woyandikana nafe, ndipo azakhali ake anali pakati pathu ndi dengu pamutu. Aliyense ankadziwa kuti kumenya mkazi wovala nsalu imeneyo, kapena kuing'amba, unali mlandu umene ngakhale bwana wake sakanamuombola. Anatiopseza kuti tiona, analemba m'mutu nkhope zathu, koma ndodo sizinakwere m'mwamba. Atatsika phiri, mayi ena anakhala pansi n'kuyamba kulira chifukwa cha mantha amene anawabisa nthawi yonseyo. Mayi anga anawauza kuti alire akukwirira.

Tsiku limenelo tinaganiza kuti tapambana. Koma kapitawo uja anapita ku nazale, ndipo ulendo wotsatira atsibweni anabwerako ndi ngolo yopanda kanthu. Woyang'anira uja anali atasamutsidwa, mbande zotsala zitathiridwa m'dzenje. Tinayesa kudzaza mizere yotsalayo ndi chilichonse chimene tinapeza: timitengo ta mango tozula kuseri kwa nyumba, mandimu omera okha, nthochi, magwafa. Sizinakwane. Mvula inatha mizere yathu itafika pa mwala waukulu umene uli pamwamba pang'ono pa dambo.

Oyeza malo anabwera misewu itauma. Anayenda ndi zida zawo m'munsi mwa mizere yathu, akuyang'ana mitengo, akulankhulana Chingerezi. Mabikoni awo osonyeza malire anawakhoma motsatira mzere wathu womaliza, kuyambira pa mwala uja. Phiri linatsala lathu pamodzi ndi manda. Dambo lonse, madimba onse, ndi minda ya kumunsi zinapita ku esiteti. Posakhalitsa kunazungulira waya waminga.

Atsibweni anataya zonse, chifukwa munda wawo ndi dimba lawo zinali kumunsi. Mayi anga anawapatsa gawo la kumtunda, koma iwo anati sangakhale pamalo pomwe m'mawa uliwonse azidzuka n'kuona anthu ena akulima fodya pa dimba la mayi wawo. Anatenga banja lawo n'kupita kukakhala tenanti ku maesiteti a kutali. Anabwerako patapita zaka ali wodwala chifuwa, ndipo sanakhalitse. Anthu akamandiyamikira za mitengo ya kwathu ndimawauza za munthu ameneyu, amene ankaopa kuposa tonse koma ndiye anayendetsa ngolo.

Chilimwe choyamba chinali chowawa. Mapu anga ankati phiri lathu ndi loyenera zipatso chifukwa madzi a dambo anali pafupi, koma tsopano madziwo anali kuseri kwa waya. Tinatsala ndi kasupe mmodzi wamng'ono pamwamba pa mudzi, amene pofika Okutobala ankangodontha. Tinkapanga mzere ndi ndowa kudikira kuti adzaze, madzi omwewo akumwa, omwewo othirira. Madzi otsukira mbale ndi osambitsira ana sankatayidwa, ankapita ku mbande. Tinkaphimba tsinde lililonse ndi udzu. Ngakhale zinali choncho mitengo yambiri inauma, ina inadyedwa ndi chiswe, ndipo ya m'malire alonda a esiteti ankaizula n'kuiponya pa waya kuti tiione. Tikapeza yozulidwa tinkabzalapo ina tsiku lomwelo. Ndinaphunzira kufesa njere za mandimu ndi kumezanitsa ndi nthambi za malalanje amene anapulumuka, mwakuti sitinafunenso nazale ya munthu.

Panali nthawi imene amayi ena anatopa nane. Ankati mitengo sidyedwa isanabereke, ndipo ana akufuna chakudya lero. Anali kunena zoona. Ndinakumbukira kuti ntchito yathu ku ofesi inalinso ya jinja ndi chikasu, mbewu zimene zimakonda mthunzi ndiponso zimakula ndi mvula yokha. Ndinapita kwa amwenye ena a sitolo ku Lilongwe kukafunsa ngati angagule, ndipo mmodzi anandipatsa zidutswa za jinja zimene zinayamba kuphuka m'thumba. Tinazibzala pakati pa mizere ya mitengo. Chaka choyamba tinabzala mozama kwambiri, zambiri zinaola. Chaka chotsatira tinakweza mizere n'kuphimba ndi masamba, ndipo pokumba tinapeza zikhatho za jinja zonenepa. Chikasu chinachita bwino kuposa jinja, ngakhale chinkatisiya manja achikasu sabata yathunthu, anthu kutchalitchi n'kumatiseka. Mbewu ziwirizi ndi zimene zinasunga mudzi podikira malalanje.

Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya pafupi, amene anavomera kudzakhala kwathu ngakhale anzake anamuchenjeza kuti akutenga mkazi wodziwika ku polisi. Kangapo anandipempha kuti ndikapepese kwa akuluakulu kuti mwina andibwezere ntchito. Ndinkamufunsa kuti ndikapepese chiyani. Atatopa anayamba kundithandiza kumezanitsa mitengo Loweruka.

Malalanje oyamba atapsa, mayi anga anathyola odzaza lichero n'kukakhala nawo pa mwala wa m'malire uja, pafupi ndi waya. Ankasenda n'kumadya pang'onopang'ono akuyang'ana matenanti amene ankapalira fodya pa dimba lawo lakale. Matenantiwo anali anthu osauka kuposa ife, ochokera kutali, ndipo mayi anga anayamba kuwaponyera malalanje pamwamba pa waya. Mlonda atabwera kudzawaletsa, anamuponyera nayenso limodzi. Koma mkulu wa chipani uja, mayi anga sanamupatsepo moni mpaka imfa yawo. Ankabwera kawirikawiri kudzaona esiteti yake, ndipo anthu onse ankayenera kupatuka pamsewu n'kuwomba m'manja galimoto yake ikamadutsa. Mayi anga ankatembenuka n'kuyamba kumanga bwino mpango wawo mpaka fumbi litatha.

Patapita zaka mkuluyo anagwa, koma sanagwe chifukwa cha ife. Anayambana ndi akuluakulu anzake pa nkhani zimene sitinazidziwe, ndipo tinangomva kuti dzina lake lasiya kutchulidwa pa wailesi. Galimoto yakuda inasiya kubwera. Kapitawo anagulitsa malata a zigafa n'kuthawa, matenanti anabalalika, alonda anatsala miyezi ingapo osalipidwa kenaka nawonso anachoka. Dambo linatsala lopanda mitengo, mtsinje utakumba chigwembe pakati pake, nthaka itatuwa chifukwa cha fodya wa chaka ndi chaka.

Amuna a m'mudzi anapita ku boma kukafunsa ngati tingabwerere m'madimba mwathu. Anawauza kuti lizi ikadalipo m'dzina la mwini wake, ndipo aliyense wolowamo ndi wakuba. Anabwerako n'kutiuza kuti tidikire. Mayi anga panthawiyo anali atagona pamphasa, miyendo itatupa, osathanso kutsika phiri. Nditawafotokozera yankho la ku boma, anandifunsa ngati lizi imeneyo ili ndi manja ogwira khasu.

M'mawa mwake ndinatenga khasu, pulayala ya amuna anga ndi dengu la mbewu ya jinja. Ndinadula waya pafupi ndi mwala, ndinaupinda bwinobwino n'kuuika pambali kuti mwini wake akaufuna aupeze. Ndinayamba ndi dimba la atsibweni. Nthaka inali yolimba ngati njerwa, ndipo chaka chimenecho sindinakolole kanthu koyenera kutchula. Amayi ena ananditsatira sabata yomweyo, amuna anabwera ataona kuti polisi sinafike. Tinathira manyowa, tinabzala nsungwi ndi nthochi m'mbali mwa chigwembe, ndipo patapita zaka madzi anayambanso kukhalitsa.

Mpaka lero palibe anatipatsa malowo. Ana a mkulu uja anabwerapo kamodzi, dziko litasintha kale, ndi munthu wa ku ofesi ya malo, kudzatiuza kuti tikulima pa malo a bambo awo. Anandipeza ndili m'dimba ndikukumba jinja. Ndinawapatsa moni, ndinawauza kuti akhale pamthunzi wa nthochi andidikire nditsirize mzere, ndipo ndinapitiriza kukumba. Mzerewo unali wautali. Nditafika kumapeto n'kutembenuka, ndinaona akukwera galimoto yawo.